Kusaina pakhomo la fiyeta si kuvomela

Mwezi watha, pa pulogilamu yathu ya zaumoyo pa wailesi, anatuma foni amai ena a ku Kabwata. Anabeleka na opaleshoni pa cipatala cina muno mu Lusaka. Mwana ali bwino, naonso anacila, ndipo za bala sanadandaule. Cimene cinawapweteka ni pepala. Anawapatsa ali kale pa bedi ya mawilo, pakhomo la fiyeta, mimba ikuwawa. "Sainani apa, amai." Anasaina. Mkati, munthu wophimba kumaso anawauza kuti apinde msana, anawalasa jekiseni, miyendo inafelatu. Iwo anaganiza kuti alemala. Anagona pa thebulo maso ali gwa, akulila camumtima kuti sadzayendanso. Palibe anawauza kuti jekiseni wa pamsana ndiye mmene amagwilila nchito, na kuti miyendo imabwelela pakapita maola ocepa.

Atangodula foni, anatuma ena a ku Chelstone na ku Chilenje, nkhani yake imodzimodzi. Ife tikuti ici n'colakwa, ndipo tisacikometse ai. Munthu amene wasaina pepala la Cingelezi ali pa ululu, osauzidwa cimene cidzacitika pa thupi lake, sanavomele kanthu. Wangolemba dzina.

Ambili timadziwa cabe dokotala wogwila mpeni. Koma kumutu kwa wodwala kumaimilila munthu wina, anaesthetist, amene nchito yake ni kugoneka wodwala, kuyang'anila kupuma na kuthamanga kwa magazi, na kumuutsa opaleshoni ikatha. Kuno ku Zambia nchito imeneyi kwa zaka zambili yagona pa anthu amene si madokotala, maka-maka ma clinical officer ophunzila ku Chainama, pamodzi na manesi owathandiza mu fiyeta na mu cipinda cotsitsimukila. Maphunzilo a madokotala akatswili a nchitoyi anayamba pa University of Zambia mu 2011, dzulo-dzuloli. Conco timawalemekeza anthu amenewa. Anyamula dziko. Koma ulemu sutiletsa kukamba kuti udindo wao uyamba wodwala akali maso.

Kukambilana kumeneku si mwambo cabe wa ulemu. Wogoneka afunika kudziwa ngati mwadya, cifukwa cakudya ca m'mimba cingakwele n'kulowa m'mapapo muli m'tulo. Ndiye cifukwa amakuletsani kudya kwa maola angapo. Afunika kudziwa ngati muli na BP, shuga kapena cifuwa ca asima, ngati mumamwa ma ARV, ngati mumamwa mowa, ngati wacibale wanu anavutikapo na mankhwala ogoneka. Afunikanso kudziwa ngati mwamwa mankhwala acikuda, monga aja amene azimai ena amapatsidwa kuti mimba iwawe msanga. Manje tiuzeni, ni mzimai uti amene angaulule zimenezi mu kholido, apongozi ali cilili pambali atanyamula beseni? Funso lofunsidwa pagulu limalandila yankho labodza, ndipo bodza limenelo lingaphe munthu pa thebulo. Cinsinsi ca wodwala na citetezo cake n'cinthu cimodzi.

Lamulo nalonso silili cete. Munthu wamkulu wa mutu wabwino amavomela yekha kapena kukana yekha zocitika pa thupi lake. Siginecha ya amuna ake kapena amalume singaloŵe m'malo mwa mau ake. Pokhapo ngati wakomoka ndipo moyo uli pangozi, m'pamene acipatala angacite zopulumutsa moyo popanda kuyembekeza. Ku Britain mu 2015, khoti yaikulu inaweluza mlandu wa Nadine Montgomery, mzimai wa shuga amene sanauzidwe za ngozi yakuti mapewa a mwana angakanike kutuluka pobeleka. Mwana anabadwa wolemala. Khoti inati wacipatala afunika kuuza wodwala ngozi iliyonse imene wodwalayo angaione kuti ni yaikulu, osati cabe zimene wacipatala waona kuti n'zokwanila. Makhoti athu sakakamizika kutsatila ciweluzo cimeneco, koma malamulo athu ambili anacokela kumeneko, ndipo maloya athu amaciwelenga.

Kwathu kuno, manesi amayang'anilidwa na Nursing and Midwifery Council of Zambia pansi pa lamulo la 2019, ndipo ma clinical officer na madokotala ali pansi pa Health Professions Council of Zambia. Mabungwe awiliwa amalandila madandaulo ndipo ali na mphamvu yolanda munthu laisensi. Laisensi imeneyi amaikonzanso caka ciliconse. Imwe a ku Woodlands na Kabulonga amene mumalipila ndalama zambili ku zipatala za pulaiveti, musaganize kuti matailosi owala ndiye cilolezo. Funsani kuti adzakugonekani ndani, ndipo ngati adzakhala kumutu kwanu mpaka mutauka.

Tidziwa cimene a mu fiyeta adzatiyankha, cifukwa mmodzi wa iwo anatiyankha kale pa foni tsiku lomwelo, osachula dzina. Anati: "Imwe ba wailesi mukamba cabe. Usiku umodzi nimakhala nekha, azimai ali pamzele, wina akutaya magazi. Nthawi yokambilana niipeza kuti?" Sitimutsutsa. Pamene magazi akutayika, thamangani, tidzakamba pambuyo. Koma si opaleshoni iliyonse imene ni yadzidzidzi. Ambili amadziwa tsiku lao kukali mlungu wathunthu. Azimai apakati amapita ku sikelo miyezi ingapo, ndipo amakhala pa benchi maola. N'cifukwa ciani pa benchi pamenepo sangauzidwe kuti jekiseni wa pamsana n'ciani, kuti adzakhala maso, kuti BP ingatsike, kuti ena mutu umawawa pambuyo pake? Olo pa zadzidzidzi, mau akuti "amai, miyendo idzafa kwa kanthawi, musaope, nili pano" satenga miniti.

Ndipo kusowa kwa anthu kumeneko si mlandu wa wodwala, komanso si wa wogoneka yekha. Apa m'pamene timakwiya na akulu-akulu. Mu 2015 ku Geneva, dziko la Zambia ndilo linatsogolela pa msonkhano wa World Health Assembly kuti maiko avomeleze kuti opaleshoni na kugoneka odwala ni mbali ya cithandizo cofunika kwa munthu aliyense. Tinalembanso pulani ya dziko ya 2017 mpaka 2021 pa nkhani yomweyi. Tinaombeledwa m'manja kunja. Koma mapepala ovomeleza amene ife taona akali m'Cingelezi cokha, m'dziko limene limaulutsa nkhani pa wailesi m'zinenelo 7. Kumasulila tsamba limodzi m'Cinyanja na Cibemba kungadye ndalama zingati?

Palinso cina. Wogoneka akaona kuti okosijeni yacepa, kapena kamakina kopanika pa cala koyezela mpweya m'magazi kafa, ali na udindo wokana kuyamba opaleshoni imene ingayembekeze. Ife acibale tisamutukwane kuti afuna ya kumbali. Oyang'anila cipatala asamuumilize, cifukwa zikavuta, dzina limene lidzapita ku khonsolo ni lake, osati la amene anacedwa kugula masilinda.

Amai a ku Kabwata aja tinawafunsa ngati afuna kukapeleka dandaulo. Anakana. Anati mu Novembala mng'ono wao nayenso adzabeleka na opaleshoni, ndipo cimene afuna ni cakuti wina amufotokozele akali ku nyumba. Tapempha wogoneka odwala mmodzi kuti abwele mu situdiyo pa Ciwelu, abweletse pepala lija, tiliwelenge mzele na mzele m'Cinyanja. Mafoni adzakhala otsegula.