Sileti Yolankhula ndi Mwana Wotsala Pakhomo

Abale a ku Bwanje, tili nanu mlandu, ndipo sitiubisa. Alipo ana pakati pathu, ena opuwala miyendo, ena ogontha, ena ochedwa kugwira zinthu m'mutu, amene atsala pakhomo m'mawa uliwonse pamene anzao athamangira ku sukulu. Makolo ao ati, "Kodi uyu akaphunzirako chiyani? Akangosekedwa." Ife tikana mawu amenewa, pakuti ali onama.

Taonani chimene chafika m'dziko. Akulu akumbukira sileti ija tinkalembapo kale. Tsono ana a lero ali ndi sileti yolankhula, dzina lake tabuleti. Mwana aikhudza ndi chala, iyo nimfunsa m'Chichewa za zilembo ndi masamu. Akalakwa siimkalipira, koma ibwereza kufikira atadziwa. Maphunziro ake anakonza ndi bungwe la onebillion, ndipo mu 2023 Boma linayamba ntchito ya BEFIT, yofikitsa makinawa m'sukulu zake za pulayimale, Sitandade 1 kufikira 4, ndi magetsi a dzuwa.

Kapena wina adzati, zimenezi nza ana alunga okha. Iai ndithu. Mu 2018 Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa ana olumala 33 m'sukulu ziwiri za m'Malawi muno. Anawo anakhoza kugwira makinawa, naphunzira masamu, ngakhale anayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi anzao. Kodi woyenda pang'onopang'ono safika? Wosafika ndiye amene tamtsekera m'nyumba.

Koma tisanamizane kuti tabuleti ithetsa zonse. Omwewo anapeza kuti ana ovutika kumva kapena kulankhula anachedwa koposa, popeza makinawa alangiza ndi mawu a pakamwa. Wogontha afuna mphunzitsi wodziwa kulankhula ndi manja, monga aphunzitsa ku sukulu ya ogontha ku Mua. Wosaona afuna zilembo za Braille. Aphunzitsi otere aphunzira ntchito yao ku Montfort, ku Nguludi, ndipo tiyenera kuwapempha kosaleka. Ndiponso tabuleti ilibe miyendo: siidzatsika njira kukafuna mwana kuseri kwa nkhokwe.

Chifukwa chake mlanduwu uli pa ife. Inu akulu a mpingo, mudziwa nyumba iliyonse m'mudzi mwanu. Werengani ana otsala pakhomo, nimukambe ndi makolo ao. Inu a komiti ya sukulu, funsani aphunzitsi ngati mwana wolumala alandira nthawi yake pa makinawa, kapena angokhala pambuyo ndi kupenya. Inu eni njinga, mwana wa mnzako ngwako yemwe: mnyamuleni wosakhoza kuyenda.

Tikapanda kutero, anzake adzadziwa kuwerenga, iye nadzakula wotsalira koposa kale. Ndipo tsiku limene adzatifunsa chifukwa chake, sitidzakhala ndi poyankha.