Kagetsi kofiira ka oyilo: yezani musanadule waya

Mwa timagetsi tonse ta pa dashibodi, kamene timakapeputsa kwambiri kuno ku Petauke ndi kofiira kaja kojambulidwa kachitini kodontha. Kakayaka, dalaivala amaima pambali pa msewu, amasolola dipisitiki, amaipukuta, amaibwezeramo, n'kuisololanso. Akaona kuti oyilo wafika pa mzere wa pamwamba, mtima umakhala m'malo. "Ndi sensa chabe iyi," amatero, ulendo n'kupitirira. Nthawi zina amakhala atalasa, ndipo ku Lusaka amakafika bwinobwino. Nthawi zina injini imakanokera m'mapiri a pakati pa Kacholola ndi mlatho wa Luangwa, kumene kulibe galaji yoti n'kukankhirako galimoto. Chimene chimandipweteka n'chakuti pamene ankanena kuti ndi sensa, dalaivalayo analibe chilichonse chomutsimikizira. Anangoganizira basi.

Dipisitiki imangonena kuchuluka kwa oyilo amene ali mu sampu. Kagetsi kaja kamanena za mphamvu imene oyiloyo akukankhidwira m'kati mwa injini, imene amakaniki amati pulesha. Zili ngati kuchipatala: munthu atha kukhala ndi magazi okwanira koma BP yake itatsikiratu, ndipo namwino sadziwa zimenezi pongomuyang'ana nkhope, amachita kumumanga chopimira pamkono. Mu injini, pampu imakoka oyilo mu sampu kudzera pa kasefa kawaya, n'kumukankha kudutsa mu fyuluta ndi m'timipata mpaka akafike ku mabering'i. Mpata wa pakati pa bering'i ndi krankishafuti ndi wa mamilimita 0.02 mpaka 0.05, wochepa kuposa tsitsi limodzi, ndipo oyilo wopanikizidwa mumpatamo ndiye amaletsa chitsulo kukhulana ndi chitsulo chinzake. Pulesha ikatha, mabering'i amayamba kudyeka nthawi yomweyo, ngakhale sampu ikhale yodzaza.

Nkhaniyi ndi ya galimoto iliyonse, kuyambira Corolla ya takisi mpaka Canter yonyamula nthochi ku Nyimba, koma ndikufuna kulankhula makamaka ndi anyamata a ma Altezza. Toyota inapanga galimoto imeneyi kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo zimene timaziona m'misewu mwathumu zinabwera zitayenda kale ku Japan. Choncho ngakhale yomalizira kutuluka m'fakitale yakwanitsa zaka 20. Altezza ya mtundu wa AS200 ili ndi injini ya 1G-FE ya masilinda 6. Ya mtundu wa RS200 ili ndi 3S-GE ya masilinda 4, imene pa galimoto ya magiya a pamanja imatulutsa mphamvu yake yonse ikamazungulira ka 7,600 pa mphindi. Injini yothamanga chotero siyembekeza oyilo wochedwa. Komanso injini zonse ziwirizi zili ndi VVT-i, imene imasintha nthawi yotsegukira mavalavu pogwiritsa ntchito pulesha ya oyilo yomweyo. Mpake kuti pa RS200 opanga anaika kageji ka pulesha m'kati mwa wotchi ya liwiro, pamalo pamene AS200 ili ndi kosonyeza mmene petulo akuthera.

Kunena zoona, sensa imanama ndithu, makamaka pa galimoto za msinkhu umenewu. Sensa ya kagetsi ndi kaswichi komangidwa m'mbali mwa injini. M'kati mwake muli kachikopa ndi kasipuling'i, ndipo pamwamba pake pamalowa waya m'modzi. Pulesha ikakhalapo, kachikopa kamakankhidwa, magetsi n'kudulidwa, kagetsi n'kuzima. Ikatsika, kasipuling'i kamabwezera, waya uja n'kulumikizana ndi chitsulo cha injini, kagetsi n'kuyaka. Kachikopako kakakalamba kamang'ambika, ndipo nthawi zambiri umboni umaoneka ndi maso: mukasolola pulagi mumapeza oyilo atadzaza m'kati. Nayenso waya akasupuka n'kumakhudza chitsulo, kagetsi kamayaka injini ili bwinobwino. Izi n'zosavuta kuzigwira. Tembenuzani kiyi afike pa ON injini isanalire, kenako sololani waya wa pa sensa. Kagetsi kayenera kuzima. Kakapitiriza kuyaka, vuto lili pa waya, ndipo ngakhale mugule sensa zitatu sikazima.

Koma kupeza kuti sensa yafa sikutanthauza kuti pulesha ilipo. Mavuto awiriwa amatha kubwera pamodzi. Chimene chimathetsa mtsutso ndi geji yoyezera ya paipi, yosadalira magetsi. Makaniki amachotsa sensa, n'kumanga paipi ya gejiyo pa bowo lomwelo, n'kuliza injini. Mabuku a Toyota a injini zambiri za zaka zimenezo amati injini ikamalira yokha popanda kuponda, pulesha isatsike kupitirira 0.3 bar, ndipo ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi ikhale pakati pa 2.5 ndi 5. Onani bwino manambalawo. Kaswichi kaja kamayatsa getsi pulesha ikatsika kufika cha pa 0.2 bar. Ndiye kuti galimoto itha kumathamanga pa Great East Road ndi pulesha ya 1 bar, mabering'i akudyeka, kagetsi kali zii. Pamene kakuyaka, zinthu zimakhala zitafika kale poipa.

Poyeza, injini ikhale yotentha ndithu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Oyilo wozizira amakhala wolimba, ndipo m'mawa ngakhale injini yotheratu imaonetsa pulesha yosangalatsa. Matenda amaonekera oyilo akasungunuka, monga mmene zimakhalira galimoto ikakwera zitunda za kuchokera ku Luangwa masana a mwezi wa Okutobala. N'chifukwa chake madalaivala ambiri amadandaula kuti kagetsi kamaphethira akamachepetsa liwiro polowa mu Nyimba, koma akaponda kamazima. Pampu imazungulitsidwa ndi injini. Injini ikamayenda pang'onopang'ono nayo pampu imafooka, ndipo ngati mabering'i atakasuka, oyilo wotentha amangopulumukira m'mbali.

Tsiku lina ndili pa galaji ina m'boma muno, kunabwera mnyamata ndi Altezza yoyera, yotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi. Dandaulo lake linali lomweli la kuphethira.

"Bambo, ingodulani wayayo, kakundisokoneza usiku. Oyilo ndathira dzana," anatero.

Makaniki, munthu wachikulire, anapukusa mutu. "Mwana wanga, wayayo sindidula. Kazungulire mpaka ku turn-off ya pa Great East Road ubwere injini itatentha, tiyeze. Geji ikati zili bwino, ndikuikira sensa ina."

Atabwerako, anamanga geji. Muvi unakwera pang'ono, kenako unagwa n'kumanjenjemera pafupi ndi ziro. Ataponda unakwera mwaulesi, osafika pamene buku limafuna. Anakhetsa oyilo n'kutsitsa sampu. Pansi pake panali pophwanyika, potunduzikira m'kati, chizindikiro chakuti galimoto inagunda mwala kapena hampu, ndipo mpata wa pakati pa sampu ndi kamwa ya paipi yokokera oyilo unali utachepa. Pa kasefa panali patamatirira phala lakuda, losakanikirana ndi tizidutswa tofiira ta silikoni. Amene anamangapo sampu poyamba anapaka silikoni wambiri, wotsalayo anafinyikira m'kati, n'kumanyotsoka pang'onopang'ono. Makaniki anapala phalalo ndi chala, n'kuliika pa nsanza yoyera kuti aone ngati muli tizitsulo tonyezimira ta mabering'i. Munalibe. Anatsuka kasefa ndi petulo mpaka kuwala kumaonekera m'timabowo, anawongola sampu, anaika fyuluta ndi oyilo watsopano, n'kuyezanso injini itatentha. Muvi unaima pamalo pake osagwedera. Sensa ija inalibe mlandu, ndipo anaibwezera yomweyo.

Mnyamatayo anachita mwayi kuti anapeza munthu wokana. Kudula waya, kuzula babu, kapena kumata tepi yakuda pa dashibodi ndi zinthu zimene zimachitika, ndipo zina zimachitika galimoto ikatsala pang'ono kugulitsidwa. Kumeneko ndi kuba. Ngati mukugula galimoto yoyenda kale, musanailize tembenuzani kiyi afike pa ON muone ngati kagetsi ka oyilo kayaka pamodzi ndi anzake. Kakapanda kuyaka, funsani chifukwa chake musanatulutse ndalama.

Njira ina imene anthu amaikonda ndi kuthira oyilo wolimba. Injini imene inapangidwira 5W-30 kapena 10W-30 amaithira 20W-50, ena n'kuwonjezeramo mankhwala onanda aja a m'zitini. Kagetsi kamazimadi, mwini galimoto n'kusangalala. Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Oyilo wolimba amakweza muvi chifukwa amavutika kudutsa m'mipata, koma bering'i yodyeka sibwerera mwakale, kasefa kotsekeka sikatseguka, ndipo m'mawa wa mwezi wa Juni oyilo woteroyo amachedwa kufika pamwamba ku makamushafuti. Sindikutsutsa amene amachita zimenezi akudziwa kuti injini yawo yatha ndipo akungofuna iwafikitse pa nthawi yokolola kuti apeze ndalama yoimasulira. Amene ndikuwatsutsa ndi amene amauza kasitomala kuti vuto latha.

Pali zinanso zimene zimagwetsa pulesha. Fyuluta yachinyengo, yokongola kunja koma ya pepala lofooka m'kati, imaphwanyika n'kutseka njira. Valavu ya pa pampu, imene ntchito yake ndi kutaya pulesha ikachuluka, imatha kukanirira ili yotseguka. Petulo akamalowa mu sampu chifukwa cha injekita yodontha, oyilo amasungunuka, dipisitiki n'kumaonetsa ngati wachuluka, ndipo mukanunkhiza mumamva fungo la petulo. Pampu yeniyeniyo imatha kutha, koma si kawirikawiri monga mmene ogulitsa masipeya amanenera. Ndipo gwero la zambiri mwa izi ndi sevisi yochedwa. Fumbi la misewu ya ku Ukwimi ndi kumidzi kwina silofanana ndi la ku Japan kumene galimotozi zinachokera, choncho oyilo wathu amada msanga.

Geji ikaonetsa kuti pulesha ili bwino, pamenepo ndiye musinthe sensa ndi mtima umodzi. Koma samalani mazinga ake. Galimoto za ku Japan zimakhala ndi mazinga a 1/8 BSPT, pamene mageji ndi masensa ambiri ogulitsidwa padera ndi a 1/8 NPT. Pongowaona amafanana, koma mukakakamiza mumawononga bowo la pa injini. Musakulungenso tepi yoyera yambirimbiri pa mazingawo, chifukwa sensa ya waya m'modzi imadalira kukhudzana ndi chitsulo cha injini kuti igwire ntchito. Ndipo musakhulupirire muvi uliwonse wa pa dashibodi. Mazda MX-5 zoyambirira zinali ndi geji yeniyeni, koma kuyambira 1995 kampaniyo inaika muvi woyendetsedwa ndi kaswichi, umene umangoima pakati malinga pulesha pang'ono ilipo. Geji yeniyeni imakwera mukaponda, imatsika mukasiya, ndipo m'mawa imakhala pamwamba kuposa masana.

Kwa eni magalaji a ku Petauke ndi ku Nyimba, pempho langa ndi limodzi. Gulani geji yoyezera pulesha pamodzi ndi timilomo take ta mazinga osiyanasiyana. Mtengo wake sufika ngakhale pang'ono pa mtengo wa krankishafuti, ndipo kasitomala amene mwamuonetsa muvi ndi maso ake sakukanirani mukamuuza kuti sampu itsitsidwe. Inu madalaivala, kagetsi kofiira kakayaka muli pa ulendo, patukani ndi kuzimitsa injini pomwepo. Ngati oyilo ndi wochepa, onjezerani. Ngati ndi wokwanira koma kagetsi sikakuzima, musailizenso galimotoyo mpaka makaniki abwere ndi geji.