ZA MAKINA A MAKONO: Kapitao Akalakwa Kugawa Ndime, Makasu Alibe Mlandu

Mabanja ambiri a kumidzi amagulitsa cimanga, nshawa, ngakhale ng'ombe, kuti agulire kompyuta mwana amene ali pa maphunziro ku Lusaka, kapena amene watsegula kasitolo kotaipa makalata ndi kusindikiza mapepala m'makomboni a Matero, Kanyama ndi Chawama. Conco uthenga ukafika kumudzi wakuti makina aja ayamba ulesi ndipo pafunika ena, makolo ayenera kufunsa cimene cinacitika asanamasule ndalama zina.

M'kati mwa kompyuta muli kacipangizo kochedwa purosesa, kamene kamacita masamu onse. Kacipangizoka kali ndi zigawo zochedwa ma core, kaya 4, 6, 8 kapena kuposerapo, zimene zili ngati anchito a pamunda. Ena mwa iwo ali ndi mphamvu kuposa anzao. Wogawa ndime ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, monga Windows, ndipo amene amauza kapitao ameneyu za mphamvu ya wanchito aliyense ndi kapulogalamu kochedwa driver.

Pa 5 Okutobala 2021 kampani ya Microsoft inatulutsa Windows 11. Posakhalitsa, kampani ya AMD inavomera kuti makompyuta okhala ndi purosesa zake za Ryzen anabwerera m'mbuyo pa liwiro atalandira kapitao watsopanoyu. Zifukwa zinali ziwiri. Coyamba, kankhokwe ka m'purosesa kosungiramo zinthu zofunika msanga kanayamba kucedwa kuyankha, mwakuti nchito zina zinatsika liwiro ndi 3 mpaka 5 peresenti, ndipo masewera ena ndi 15 peresenti. Caciwiri, ndime yolemetsa sinali kupatsidwanso kwa wanchito wamphamvu kopambana monga kale. Palibe citsulo cimene cinaonongeka. Pa 21 Okutobala caka comweco, Microsoft inatulutsa cokonzera vuto loyamba, ndipo AMD inatulutsa driver yatsopano yothetsa laciwiri. Onse awiri anaperekedwa kwaulere.

Nkhaniyi ili ndi phunziro lero, pakuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri akusamukira ku Windows 11. Mwini makina amene aona ulesi pambuyo posintha pulogalamu ayenera kukumbukira tsiku limene vutolo linayamba. Kenaka alole Windows kulandira zokonzera zake zonse, ndipo atenge driver kucokera kwa kampani imene inapanga purosesa kapena kompyutayo, osati kwa munthu woyenda nayo m'thumba. Asanayambe zonsezi, akope makalata ndi zithunzi zofunika n'kuzisunga padera.

Wokonza makina woona mtima amayamba ndi zimenezi asanachule mtengo wa zitsulo. Ngati ulesi upitirira zonsezi zitacitika, pamenepo banja lingakhale pansi ndi kukambirana za ndalama. Koma ng'ombe isacoke m'khola cifukwa ca colakwa cimene cingakonzedwe madzulo amodzi.