Poizoni sadikira ambulansi

Nyengo yofesa nazale za fodya ikafika, mankhwala ophera tizilombo amadzaza m'nyumba za alimi ku Lifupa m'boma la Kasungu. Mwana akamwa mwangozi, kapena wopopera akayamba kutuluka thovu kukamwa, moyo ungathere panjira poti chipatala chachikulu chili kutali, kuboma.

Lamulo loyendetsa mankhwalawa lidakhazikitsidwa mu 2000, koma lamulo silichiza amene wadya kale tameki.

Choncho Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti zipatala zing'onozing'ono zili ndi jakisoni wa atropine, anamwino odziwa zizindikiro za poizoni komanso ambulansi yokhala ndi mafuta.

Nawo makolo asamataye nthawi kumwetsa wodwala mkaka kapena kumusanzitsa. Amuvule zovala zonyowa ndi mankhwala, amusambitse ndi sopo n'kuthamangira naye kuchipatala, osaiwala botolo la mankhwalawo.