Nyimbo ya Makodi Atatu Si Yochititsa Manyazi

Pakati pa achinyamata ophunzira gitala ku Songwe, kumalire a dziko lino ndi Tanzania m'boma la Karonga, pali mkangano umene sukutha. Ena amati nyimbo yosavuta, ya makodi atatu okha, ndi yotayitsa nthawi, ndipo munthu wofuna kudzatchedwa katswiri ayenera kuyamba msanga kulimbana ndi nyimbo zovuta. Ena amakana. Ine ndili kumbali ya okanawa, ndipo m'nkhani ino ndifotokoza zifukwa zanga.

Tiyambe taona kumene mtima wonyoza nyimbo zosavutawu ukuchokera. Songwe ndi khomo. Malole ochokera ku Dar es Salaam amawoloka mlatho wa pa mtsinje wa Songwe tsiku ndi tsiku kudzera ku Kasumulu, ndipo pamodzi ndi mafuta, zitenje ndi katundu wina mumalowanso nyimbo. Mnyamata amene wakula akumva rumba ya ku Congo m'mabala ndi m'maminibasi, magitala a Franco kapena a Diblo Dibala akulira ngati mbalame za m'mawa, amafuna kuti zala zake nazonso zizithamanga chotero. Tsono lero pali foni. Pa YouTube amaona anthu zala zikuuluka pa nsambo, iye mtima n'kukhala m'mwamba. Mukamuuza kuti ayambe ndi "Malaika" amaona ngati mwamutukwana.

Koma kodi tikati nyimbo ndi yosavuta timatanthauzanji? Gitala imaimbidwa ndi manja awiri. Dzanja lamanzere limakanikiza nsambo kuti lipange makodi, pamene lamanja limakhwatula nsambozo ndi kusunga kayendedwe ka nyimbo. Anthu akamati nyimbo yakuti ndi yophweka, amakhala akunena za dzanja lamanzere lokha: makodi ndi ochepa, zala sizitambasuka kwambiri, kusintha kwake n'kwapang'onopang'ono. Za dzanja lamanja sanenapo kanthu. Chonsecho n'kumanjaku kumene kuli moyo wa nyimbo za kuno kwathu. Munthu akhoza kudziwa makodi atatu a nyimbo m'sabata imodzi, koma kuti awaimbe kwa mphindi khumi osafulumira, osachedwa, kwinaku akuimba ndi pakamwa, anthu n'kudzuka kuyamba kuvina, pamafunika zaka. Nyimbo yovuta imabisa woimba, chifukwa omvera amatanganidwa ndi kuthamanga kwa zala. Nyimbo yosavuta ilibe pobisala. Ukaphonya pang'ono pokha, ngakhale agogo osadziwa gitala amamva kuti pena palakwika.

Mbiri ya maimbidwe a dziko lino ikuchitira umboni zimenezi. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka, ankaimba kwela, chamba chimene chimazungulira pa makodi ochepa obwerezabwereza. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, atakumana nawo mu Blantyre m'chaka cha 1967, anatha zaka zambiri akujambula ndi kulemba za luso lawo. Daniel anamwalira mu 1987, ndipo Donald anafika pokaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, asanamwalire mu 2001. Azungu aja sanatengeke ndi kuchuluka kwa makodi ayi. Chinawadabwitsa ndi m'mene chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkagawanira ntchito, china chikugunda pansi china chikuyankha pamwamba, gitala imodzi n'kumamveka ngati anthu awiri.

Chimodzimodzi a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Nyimbo yawo ya "Linny Hoo" mwana wa sukulu akhoza kuigwira tsiku limodzi. Koma ataiimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, mkuluyo ali ndi zaka 90, inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko kumene anthu sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Nanga a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni? Anyamata amenewa anachokera m'misewu ya mu Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinayi ndi babatoni ya nsambo imodzi. Mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako khomo la ku Ulaya linatseguka. Wina akauze anthu amenewa kuti zimene amaimba ndi zachibwana.

Ngakhale "Malaika" imene anyamata a ku Songwe amaipeputsayo ili ndi mbiri yolemera. Fadhili William wa ku Kenya anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960, ngakhale kuti mpaka lero anthu amakanganabe za amene anaipeka, ena akutchula Adam Salim wa ku Tanzania. Miriam Makeba anaiimba ndi Harry Belafonte mu 1965. Anthu sangakanganirane chinthu chopanda pake kwa zaka zoposa makumi asanu. Ndipo pamalire ngati pa Songwe, pamene Chingonde, Chiswahili, Chitumbuka ndi Chichewa zimasakanikirana pamsika umodzi, nyimbo imene dalaivala wa ku Mbeya ndi mayi wogulitsa nthochi wa ku Kaporo angaiimbire limodzi ndi chuma chenicheni kwa woimba.

Choseketsa n'chakuti rumba yomwe anyamatawa amaisirira nayonso maziko ake ndi makodi awiri kapena atatu. Mvetserani "Mario", nyimbo imene Franco anatulutsa mu 1985. Imatha mphindi zoposa khumi ikuzungulira pamalo amodzimodzi. Gitala yotsogolera imakhala ikusewera pamwamba chifukwa pansi pali wina amene wagwira kayendedwe kake mosagwedezeka. Wapansiyo akaterereka, zonse zapamwamba zija zimagwa. M'bandi iliyonse munthu wosowa kwambiri ndi ameneyu, wodekha, wosatopa ndi kubwereza.

Palinso nkhani ya ntchito imene gitala imagwira kumudzi. Ambiri mwa ophunzira gitala ku Songwe sadzapita ku situdiyo. Adzaimba m'kwaya ya kutchalitchi, paukwati, pa msonkhano wa achinyamata, kapena madzulo pakhonde pobwera kumunda wa mpunga. M'malo onsewa woimba gitala ndi wonyamula anzake. Amayi a kwaya akayamba nyimbo pa kiyi imene aifuna okha, iye ayenera kuipeza msanga ndi kuwatsatira. Luso limenelo limabwera poimba nyimbo zosavuta zambirimbiri mpaka khutu lizolowere kumva kumene kodi ikupita isanafike. Amene analoweza nyimbo imodzi yovuta ya pa foni amangoti kakasi pamenepo, gitala ili m'manja. Tisaiwalenso kuti gitala zambiri za kumudzi ndi zokhomakhoma, za chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, kapena zogula koma nsambo imodzi inaduka kalekale. Chida chotere chimalola nyimbo za makodi ochepa basi. Kuuza mwana kuti adikire gitala yabwino kuti adzayambe ndi zovuta n'kumuuza kuti asayambe n'komwe.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yomveka, ndipo sindiibisa. Alipo anthu amene amagwira makodi atatu aja n'kukhazikika pomwepo moyo wawo wonse, nyimbo iliyonse kumaikakamiza kulowa m'chikombole chimodzi. Kiyibodi yodziimbira yokha ng'oma yawonjezera ulesi umenewu m'makwaya ambiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma vuto pamenepa ndi la munthu woima panjira, osati la nyimbo imene anayambira. Ife ophunzira chiyankhulo tikudziwa kuti mwambi umakhala ndi mawu anayi kapena asanu odziwika kwa aliyense, koma kuuponya pamalo pake pabwalo la milandu ndi ntchito ya akulu.

Ku Karonga boma, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera pa Songwe, kunabadwira Lusubilo Band kuchokera m'sukulu yophunzitsa achinyamata nyimbo, ndipo anthu a m'mizinda anadabwa kumva malipenga ndi magitala a ana a ku Karonga akuyenda limodzi mwadongosolo. Mnyamata wa ku Songwe wolakalaka kudzaima m'gulu lotere adziyese kaye motere: atenge nyimbo imene akuti ndi yophwekayo, aitane mnzake wa ng'oma ndi atsikana awiri a kwaya, aiimbe kuyambira poyamba mpaka pomaliza osayang'ana zala zake, ndipo wa ng'omayo ndiye anene ngati anafikira limodzi.