Ngwangwazi Zovala Tayi

Aliyense amene anakwerapo basi ya ulendo wautali mu Lusaka adziwa mmene basi imadzalira. Ukangofika pa siteshoni, anyamata akulanda cikwama usanayankhe n'komwe moni, akukokera ku basi yawo, akulumbira kuti yatsala ndi mipando iwiri cabe. Usuzumira pa windo, uona mitu ya anthu, ulipira, ukhala pansi. Pakapita ola, mitu ija iyamba kutsika umodziumodzi. Sanali apaulendo iyai. Anali anthu opatsidwa kangacepe kuti akhale pa mipando, iwe ukhulupirire kuti basi ili pafupi kunyamuka.

Ine nchito ya mitu imeneyo ndinaigwira zaka zinayi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinali kuvala tayi, ndipo anthu anali kundiitana kuti "ba lecturer".

Ndinali kuphunzitsa pa koleji ina yapulaiveti kuno ku Lusaka. Dzina lake sindichula, cifukwa mcitidwe umene ndikamba suli wa koleji imodzi. Intake ya Januwale kapena ya Julaye ikayandikira, mwini koleji anali kutisonkhanitsa tonse m'cipinda cimodzi: ophunzitsa, amai a ku accounts, dalaivala, mpaka mlonda wa pa geti. Pathebulo pamakhala mulu wa mafomu ndi timapepala tonyezimira, tokhala ndi zithunzi za atsikana ovala magauni, mano onse pamtunda. Atsikanawo sitinawaonepo m'kalasi iliyonse. Mau a bwana sanali kusintha: "Malipiro anu ali m'matumba a ana amene simunabweretse." Aliyense anafunika kubweretsa mitu isanu, ndipo mutu uliwonse wolipira fizi ya semesita yoyamba unali ndi K500 yake. Ophunzira sanali kulandira ndalama pamanja, anali kucotseredwa pa fizi. Wokoka anzake ambiri anali kuvekedwa sikipa ya koleji ndi kupatsidwa udindo wa student ambassador, kazembe wa ophunzira.

Tikatero tinali kukwera minibasi kuloza kum'mawa: Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chipata. Pa sukulu iliyonse ya sekondale mphunzitsi wa guidance anali kulandira kaenvulopu ka "madzi akumwa", ife n'kupatsidwa mphindi khumi ndi ana a Giredi 12. Ine ndinali kulankhula pang'ono cabe. Nchito yeniyeni inali ya kazembe uja, amene tinali kumusankha mwadala kuti akhale wocokera pa sukulu yomweyo. Ana akaona mnzawo amene anali kudya naye nsima ya nyemba ku boarding wabwera atavala nsapato zatsopano, alankhula Cizungu ca mu Lusaka, mafomu anali kutha ngati vitumbuwa vya pa break.

Pasakhale wondimva molakwa. Sindinena kuti ophunzitsa ndi ophunzira azikhala cete za koleji yawo. Mtsikana wa ku Vubwi amene m'banja mwawo palibe anapondapo pa koleji afunikadi munthu womuuza kuti fomu imadzazidwa bwanji, makirediti asanu n'ciani, kosi iyi imafikitsa kuti. Palibe amene angamuuze bwino kuposa wophunzira amene ali kale mkati. Iye ndiye adziwa ngati mu labu muli zipangizo kapena muli mashelefu cabe, ngati lecturer amabwera kapena amatumiza manotsi pa WhatsApp ali ku koleji ina yacitatu, ngati ku hostel madzi amatuluka. Mau a munthu wotere ndi cuma. Ndiye cifukwa cake eni makoleji anawaikira mtengo.

Cikwangwani ca pa Great East Road palibe amene amacikhulupirira. Cilengezo ca pa wailesi aliyense adziwa kuti cinalipiridwa, ndipo amacimva ndi khutu limodzi. Koma mau a mnzako wa mu kwaya, a mphunzitsi amene anakuphunzitsa masamu, a mwana wa aneba amene munakulira pamodzi, amalowa popanda kugogoda. Cikhulupiriro cimeneco koleji sinacimange. Cinamangidwa ndi zaka za kudyera pamodzi, kulira maliro pamodzi, kubwerekana mcere. Koleji ingofika ndi K500 n'kucigula, osati kwa mwini wake amene adzalipira fizi, koma kwa munthu amene mwiniyo amamudalira. Ndipo wogulidwayo sanena kuti wagulidwa. Apa ndiye pali cinyengo conse. Ngwangwazi ya pa siteshoni ndi yoona mtima kuposa ife, cifukwa aliyense adziwa kuti imadya pa mutu uliwonse wolowa m'basi.

Ndinena izi cifukwa mutu umodzi mwa mitu yanga unali mwana wa mlongo wanga.

Kwathu kwa Acewa, mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Zotuluka za mayeso zitabwera, mlongo wanga sanapite kwa aliyense. Anabwera kwa ine, malume wophunzira, wa ku Lusaka. Mwezi umenewo ndinali ndi mitu itatu, lendi inali itandipanikiza, ndipo koleji inali itangotsegula kosi yatsopano ya zaumoyo imene bwana anali kufuna kuti idzale. Mtsikanayo anagwada pambali pa mpando wanga n'kufunsa mafunso awiri. "Amalume, kosi imeneyi ndi yovomerezeka ndi boma?" Ndinayankha kuti koleji yathu ndi yolembetsedwa, satifiketi yake ili pakhoma mu ofesi. Zinali zoona. "Nanga nchito imapezeka?" Ndinati anthu a zaumoyo amafunika nthawi zonse. Nazonso zinali zoona. Bodza sindinanene. Ndinangosankha coonadi cimene cinali ndi K500, cina n'kucisiya m'thumba: kuti mapepala a kosiyo anali asanavomerezedwe, ndipo bwana anali kungoti "ali mu process".

Alamu anga anagulitsa ng'ombe ziwiri. Mlongo wanga anagulitsa nshawa ndi soya za zaka zitatu zotsatizana. Mwana anaphunzira ndi mtima wonse, anavala gauni, tinajambulitsa zithunzi, kumudzi anapha mbuzi. Atapita kukalembetsa ku bungwe loyang'anira nchito yakeyo, anamuuza mwaulemu kuti kosi imene anacita siili pa mndandanda wawo.

Cimene ndinabisira mbumba yanga si cinsinsi cakuya. Lamulo la maphunziro apamwamba la 2013 linakhazikitsa Higher Education Authority, ndipo bungweli limacita zinthu ziwiri zosiyana: kulembetsa koleji, ndi kuvomereza kosi iliyonse payokhapayokha. Koleji ingakhale yolembetsedwa bwinobwino koma n'kumaphunzitsa kosi yosavomerezedwa. Za maluso a manja zili m'manja mwa TEVETA. Mphunzitsi afunika kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, nasi ndi mzamba ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, a clinical officer ndi anzawo ku Health Professions Council of Zambia. Lecturer aliyense adziwa zimenezi ngati mmene adziwira njira ya kunyumba kwake. Mlimi wa ku Kagoro sazidziwa, ndipo ndiye cifukwa cake amafunsa ife. Pa maulendo onse amene ndinayenda kum'mawa, sindikumbukira tsiku limene mmodzi wa ife anauza ana kuti, "Musanalipire, kaoneni ngati kosi iyi ili pa mndandanda."

Za nchito nazo timadziwa. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 ndi anchito a zaumoyo opitirira 11,000 nthawi imodzi. Dziko lonse linaomba m'manja, ndipo panali pake. Koma ofunsira nchito ya uphunzitsi yokha anapitirira 100,000. Tanthauzo lake n'lakuti masauzande makumi angapo anabwerera kunyumba ndi madipuloma awo m'mapulasitiki. Kodi ife amene tinali kukokera ana ku makosi a uphunzitsi tinali kuwauza zimenezi? Tinali kuwauza za 30,000. Za 100,000 tinali kuzimeza.

Anzanga amene akali m'nchitoyi ali ndi mayankho, ndipo ena si opusa. Amati UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi CBU ya mu 1987, pamodzi ndi mayunivesite ena a boma, sangatenge ana onse otsiriza Giredi 12, tsono popanda makoleji apulaiveti ana ambiri angakhale pakhomo. N'zoona, ndipo ndi maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 khamulo lidzakula. Makoleji ena apulaiveti ndi abwino ndithu, ndawaona. Koma koleji yabwino siopa wophunzira wolankhula zoona. Ngati labu ilipo, muloleni mwana akanene kuti ilipo, popanda kumulipira. Komishoni imafunika pamene coonadi pacokha sicingadzaze basi.

Amatinso wophunzira wosauka amathandizika fizi yake ikatsika. Ili ndilo yankho limene limandikwiyitsa kopambana. Mwana wa zaka 19 amene atsala pang'ono kuthamangitsidwa m'cipinda ca mayeso kamba ka ngongole, mwamuuza kuti njira yopulumukira ndi kubweretsa anzake atatu. Kodi mwamuthandiza? Mwamuika pa mpanipani woti asankhe pakati pa mayeso ake ndi anzake. Adzapita kwa ndani? Kwa anthu amene amamukhulupirira, cifukwa alendo samumvera: msuweni, mnzake wa pa benchi, mtsikana wa ku chalichi. Zinthu zikadzavuta, mwini koleji adzakhala mu Lusaka, mkati mwa mpanda wa magetsi. Wokakumana ndi makolo aja pa cigayo ndi pa maliro ndi mwanayo. Mwamuphunzitsa, asanatsirize n'komwe caka coyamba, kuti abale ndi msika.

Ndipo lecturer? Amati naye afunika kudya. Ndidziwa, ndinadya. Koma taonani cimene cimacitika m'kalasi pambuyo pake. Mwana amene unamubweretsa wekha, amene unadyapo K500, walephera mayeso. Kodi umugwetsa? Ukamugwetsa acoka, fizi ya semesita yaciwiri ipita, bwana akuitana mu ofesi. Tsono 38 isanduka 50. Ndinaiona peni ikucita zimenezi, ndipo nthawi zina peniyo inali m'dzanja langa. Munthu sangakhale wogulitsa matikiti pa geti ndi woweruza mpira tsiku limodzi. Ena mwa ana okwezedwa motero ndi amene mawa adzabaya jekeseni amai anu.

Matendawa sanayambire kuno. Ku America anawapweteka kale, mwakuti mu 1992 anaika lamulo loletsa makoleji olandira ndalama za boma zothandizira ophunzira kulipira munthu molingana ndi ciwerengero ca ophunzira amene wakoka. Ngakhale ndi lamulolo, kampani ya Corinthian Colleges inagwa mu 2015 itaimbidwa milandu yonamiza ophunzira za nchito zimene adzapeza, n'kusiya masauzande ndi ngongole. Ngati kumeneko, kumene kuli maloya pa ngodya iliyonse, anaona kuti munthu wolipidwa pa mutu sangadalirike, nanga kuno kumene fizi imacokera m'khola? Lomba kwabweranso ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya mabasare a maphunziro a maluso. Pamene pagwa nyama yotere, miimba siicedwa.

Cimene ndipempha si cacikulu. Higher Education Authority ndi TEVETA aletse poyera kulipira wophunzitsa, wanchito kapena wophunzira pa mutu uliwonse, kaya ndi ndalama kaya ndi kucotsera fizi. Koleji ifuna otsatsa malonda, ilembe otsatsa malonda, iwalipire pa mwezi, avale baji yonena nchito yawo. Mahedi a masukulu a sekondale asalole munthu kuima pamaso pa ana a Giredi 12 popanda kuonetsa kalata yovomereza kosi iliyonse imene achula, osati satifiketi ya koleji cabe. Ndipo inu makolo, munthu akabwera ndi fomu, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanu, ngakhale akhale mkulu wa mpingo, mufunseni pamaso: "Kodi iwe upatsidwapo zingati?" Muyang'aneni m'maso poyankha. Funsoli mlongo wanga sakanandifunsa, cifukwa mwambo sulola kufunsa malume zotere, ndipo mwambo umenewo ndi umene bwana wanga anali kugula.

Mwana uja lero ali mu kabooth ka mobile money pa Katete. Ndikafika amatuluka, agwada, "Mwafika bwanji amalume?" Sanandinenepo mau oipa ngakhale amodzi. Mlongo wanga za ng'ombe sanazichulepo, alamu anga amandipatsa mpando wa ndalema monga kale. Mu Januwale zotuluka za Giredi 12 za mng'ono wake zinabwera, anakhoza bwino kuposa mkulu wake. Ndinamvera kwa anthu ena kuti anatenga mapepala ake n'kupita nawo kwa mphunzitsi wina wopuma nchito wa m'mudzi woyandikana nawo, mtunda wa maola awiri pa njinga, kukafunsa za makoleji. Nambala yanga ya foni ali nayo.