Ulemerero wa Mulungu Suyezedwa ndi Phokoso

Akonzi,

Mlembi amene ananena m'magazini anu kuti mpingo wamoyo umadziwika ndi kukula kwa phokoso walakwitsa kwambiri, pakuti wayeza kupembedza ndi zimene zimakondweretsa munthu, osati ndi ulemerero wa Mulungu, kutanthauza ukulu ndi chiyero chake zimene zimachititsa cholengedwa chilichonse kudzichepetsa pamaso pake. Pa Mpingu, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, tsiku Lamulungu zimkuzamawu zoyendera jenereta zimapikisana mpaka agogo okhala pa benchi lakutsogolo samva ngakhale vesi limodzi, pomwe woliza kiyibodi salekeza ndi pa nthawi ya pemphero lolapa yomwe.

Kunena kuti kukhala chete n'chizungu chimene chinabwera ndi amishoni a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, kapena ansembe a White Fathers ku Likuni mu 1903, ndi bodza lamkunkhuniza, chifukwa Mchewa ankadziwa kale kugwada, kuwomba m'manja mofatsa ndi kutsitsa mawu pabwalo la mfumu. Mu Yesaya 6 ngakhale aserafi, amene ndi angelo oimirira pafupi ndi mpando wachifumu, amaphimba nkhope zawo, ndipo mneneriyo amayamba wavomereza kudetsedwa kwa milomo yake asanatumidwe.

Ng'oma, visekese ndi makwaya zili ndi malo ake, popeza Masalmo amalimbikitsa kutamanda ndi zoimbira, koma akulu a mpingo achepetse zimkuzamawuzo, aletse mchitidwe wolengeza mayina a opereka ndalama zambiri, ndipo asiye mpata woti Mawu awerengedwe aliyense akumva.

Wowerenga wanu,
Mpingu, Lilongwe